KODI "BUFFOON" NDIYE NYANI?

Ku Longacres, m'mzinda wa Lusaka, kuli maofesi ambiri, ndipo m'mawa uli wonse anthu ocokera ku Kabwata, ku Chelstone ndi ku makomboni ena amatsika m'mabasi pamenepo kukayamba nchito zao. Mmodzi wa anthu amenewa, kalaliki wa mu ofesi ina, analembera kalata nyumba ya wailesi, ndipo kalatayo inaonetsa kuti mwini wace anailemba mtima uli m'mwamba. Nkhani yace ndi iyi. Tsiku lina pa nthawi ya tiyi iye anayamba kutsanzira mayendedwe ndi malankhulidwe a mkuru wa ofesiyo, anzace naseka mpaka misozi. Tsoka ilo, mwini mayendedwewo anali ciriri pakhomo. Tsiku limenelo sananene kanthu, koma m'mawa mwace kalalikiyo anapeza kalata pa tebulo pace yomcenjeza kuti aleke "buffoonery" pa nchito, ndi kuti akabwerezanso adzacotsedwa.

Masana anatenga kalata ija napita nayo ku msika kumene amadya nsima ndi anzace, ndipo kumeneko liulo linautsa mkangano. Wina anati bwanayo wamtamanda kuti ndi katswiri woseketsa. Wina anakana, nati, "Iai acimwene, mwatukwanidwa. Munthu uja wakuchulani nyani. Musalole zimenezo." Wacitatu anamuuza kuti abwerere akamfunse bwanayo pamaso pa anthu onse ngati anamuona ndi mcira. Tsono kalalikiyo ali ndi mkazi ndi ana atatu a pa sukulu, ndipo nyumba imene akhalamo ndi ya lendi. Cifukwa cace asanacite kanthu anayamba wafunsa, ndipo anacita bwino, pakuti akuru anati safunsa anadya phula.

SI NYANI AI

Coyamba cimene kalalikiyo ayenera kudziwa ndi ici, kuti sanachulidwe nyani. Liu la Cingerezi la nyani ndilo "baboon", ndipo munthu wocita "buffoonery" amachedwa "buffoon". M'khutu la munthu amene sanazolowere Cingerezi mau awiriwa amveka ngati amodzi, monga mlendo wophunzira Cinyanja asokoneza mphasa ndi mphaka. Koma palibe munthu anayalapo mphaka kuti agonepo. Mau onse awiri analowa m'Cingerezi kudzera m'Cifalansa, koma mizu yao ndi yosiyana.

Mantha a mnzace uja sanali opanda cifukwa. Pa nthawi ya boma la atsamunda anthu akuda ambiri anatukwanidwa ndi dzina la nyani m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba zimene anali kugwiramo nchito, ndipo cironda cotere sicipola msanga. Koma munthu akamenya nkhondo kaamba ka mau amene sananenedwe, ataya nchito yace pacabe, ndipo amene anamsonkhezera atsala alikudya nsima yao pa msika.

KUMENE LINACOKERA

Liu limeneli linabadwira ku Italy. M'cinenero ca kumeneko muli liu lakuti "buffare", ndiko kudzaza mpweya m'kamwa mpaka masaya afufuma. Anthu oseketsa anzao m'misika ndi m'mabwalo a mafumu anakonda kucita zimenezi, pakuti nkhope yofufuma masaya iseketsa ngakhale munthu amene samva cinenero ca woseketsayo. Munthu wotere anachedwa "buffone". M'zaka za m'ma 1500 magulu a ocita masewero a ku Italy anayendayenda m'maiko a ku Ulaya atabvala zophimba kumaso, nachuka kwambiri. Afalansa analandira liulo nalisandutsa "bouffon", ndipo Angerezi analitenga kwa Afalansa m'zaka zomwezo, nalilemba "buffoon".

Pambuyo pace, m'zaka za m'ma 1600, anaonjezapo kamcira kakuti "-ery", kamene kasonyeza mcitidwe wa munthu. Cinyanja naco cimatero, koma cimaika cizindikiro cace kutsogolo kwa liu: citsiru cibala ucitsiru, mfiti ibala ufiti. Kotero "buffoon" ndiye munthu, ndipo "buffoonery" ndizo zocita zace.

Poyamba limeneli linali dzina la nchito, monga mmisiri kapena mbusa. Munthu analandira malipiro ndi cakudya cifukwa ca kuseketsa. Mafumu a ku England anasunga anthu otere pa bwalo lao, nawabveka zobvala zao zapadera. Henry VIII, mfumu yaukali imene inadulitsa mitu ya akazi ace awiri, inali ndi woseketsa wace dzina lace Will Somers, amene anakhala nayo zaka zambiri kufikira imfa ya mfumuyo m'caka ca 1547. Woseketsa wa mfumu anali ndi ufulu wa kunena mwa nthabwala zinthu zimene nduna zinaopa kunena poyera, ndipo mfumu yanzeru inachera khutu pakati pa kuseka kwace.

Koma ufuluwo unali ndi malire, ndipo mbiri ya Archibald Armstrong ionetsa zimenezi. Iye anaseketsa mfumu James I, ndi pambuyo pace mwana wace Charles I. M'caka ca 1637 Akristu a ku Scotland anaukira buku la mapemphero limene mfumu ndi mkuru wa mabishopu, William Laud, anafuna kuwakakamiza. Armstrong anakomana ndi Laud namnyogodola poyera pa nkhani imeneyi. Laud anakadandaula kwa mfumu, ndipo m'caka ca 1638 bwalo la nduna linalamula kuti woseketsayo abvulidwe malaya ace a nchito ndi kupitikitsidwa. Komatu zimene iye anaseka zinali zoona. Mkangano wa buku lija unabala nkhondo. Laud anadulidwa mutu m'caka ca 1645, mfumu Charles m'caka ca 1649, koma Armstrong anakalamba kwao ali ndi minda yace, namwalira m'caka ca 1672. Akuru a kuno akadamva mbiri imeneyi akadati, wamisala anaona nkhondo. Ngakhale ziri tero, kalaliki wa ku Longacres asaiwale mbali yina ya mbiriyo: munthu amene kuseketsa kunali nchito yace yeniyeni anacotsedwa pamene anaseka munthu wamkuru pa malo olakwika.

TANTHAUZO LACE MASIKU ANO

Mafumu analeka kalekale kusunga oseketsa, ndipo liulo linataya ulemu umene linali nao. Lero Mngerezi akafuna kutamanda munthu wa luso loseketsa amchula "comedian". Akati "buffoon" alikunena munthu amene adzisandutsa coseketsa, wa nthabwala zosakoma, wosadziwa malo ndi nthawi, amene anthu aseka iye mwini osati nzeru za nthabwala zace. Kusiyana kuli pamenepo. Kwina ndiko kuseka pamodzi ndi munthu, kwina ndiko kumseka munthu. Cifukwa cace mnzace woyamba uja, amene anati bwana watamanda, nayenso analakwa. Mkuru wa nchito akalemba kuti, "Stop this buffoonery," alikudzudzula, ndipo tanthauzo lace m'Cinyanja ndi lakuti, "Lekani zaucitsiru zimenezi."

Liu limeneli silikonda kunenedwa kwa mwana wamng'ono, pakuti mwana akabvina ndi poto pamutu alikucita za msinkhu wace. Liyenera munthu wamkuru amene anayenera kudziwa bwino. Ndiponso lipweteka kwambiri likagwera munthu wa udindo. Olemba nyuzipepala amaliponya kwa andale ndi akuru ena amene alankhula mokweza, nalonjeza zazikuru, nadziguguda pacifuwa, koma zocita zao ziri zamanyazi. Apa Cinyanja ndi Citaliyana zikomana mosayembekezeka. Ku Italy woseketsa anafufumitsa masaya. Kuno munthu wonyada amati alikudzitukumula. M'masaya ofufuma mulibe kanthu koma mpweya, ndipo cala cimodzi cikwanira kuutulutsa.

Munthu amene anadziwa kutulutsa mpweya wotere ndiye Charlie Chaplin, wobadwira ku London m'caka ca 1889, amene anthu ambiri a ku migodi anamuona pa baisikopo ndi kandodo kace, kacipewa ndi nsapato zazikuru. M'caka ca 1940, Adolf Hitler ali pa mphamvu yace yonse, Chaplin anatulutsa cithunzi cochedwa The Great Dictator, m'mene anatsanzira kupfuula ndi kudzitukumula kwa wolamulirayo. Oonerera anazindikira okha kuti mwa awiriwo "buffoon" weniweni sanali wa nsapato zazikuru uja.

MAU ENA A PFUKO LOMWELO

Cingerezi ciri ndi mau ena oyandikana nalo, ndipo ndi bwino kuwasiyanitsa, pakuti kulemera kwao si kumodzi.

Loyamba ndilo "tomfoolery". Tom ndi cidule ca dzina lakuti Thomas, limene linali lofala kwambiri ku England, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1300 Angerezi anachula munthu wopepera kuti Tom Fool, ndiko kuti Tomasi Citsiru. Liu lakuti "tomfoolery" linaoneka m'mabuku kuciyambi kwa zaka za m'ma 1800. Ilo ndi lopepukirapo. Lifanana ndi cibwana. Mphunzitsi angalinene kwa anyamata oponyerana mapepala m'kalasi, osapsa mtima kwenikweni.

Laciwiri ndilo "clown". Lero litanthauza woseketsa wodzola utoto kumaso, koma m'zaka za m'ma 1500 linatanthauza munthu wa kumudzi wosadziwa makhalidwe a m'tauni. Anthu a m'tauni a maiko onse ali ndi nthenda imodzi, ya kuseka mbale wao wongofika kumene. Bungwe la Central African Film Unit, limene linayamba m'caka ca 1948, linapanga cithunzi cochedwa Mulenga Goes to Town, ca mnyamata wa kumudzi amene asokonezeka ndi za m'tauni. Ambiri a iwo amene anamseka Mulenga anali atatsika sitima ndi mtolo pamutu zaka zowerengeka zapitazo.

Tsono mwa atatuwa, "tomfoolery" ndi khofi la pa phewa, "clown" angakhale wotamandidwa kapena wonyozedwa monga mwa malo ace, koma "buffoonery" ndi liu lolemera, lokhala ndi cipeputso m'kati mwace.

OSEKETSA A KUNO

Munthu asaganize kuti nzeru ya kuseketsa inabwera pa sitima ya pamadzi. Anthu a kuno anali nayo makolo a Will Somers asanabadwe, ndipo anaiikira malamulo ace.

Pakati pa Acewa msuweni ali ndi ufulu wa kusereula msuweni wace ndi mau amene akadautsa mlandu akadacokera kwa munthu wina. Pa maliro adzukulu, amene akumba manda ndi kunyamula mtembo, amacita nthabwala pakati pa olira, ndipo palibe awadzudzula, cifukwa nthabwala zao zipeputsa mitima imene yalemedwa. Angoni ndi Abemba anamenyana nkhondo m'zaka za m'ma 1800, koma zidzukulu zao zinasandutsa udaniwo cimbuya. Pa maliro a Mngoni m'Lusaka kapena ku migodi, Abemba afika, nathira anamfedwa ufa kumutu, nawalipitsa tindalama, nawanena zoseketsa. Koma ndi iwo omwewo amene atema nkhuni, naphika, nagona pa maliropo mpaka kuca. Mlendo woona zimenezi angati ndi "buffoonery". Iye alakwa, pakuti anthuwo alikugwira nchito imene mwambo unawapatsa.

M'Gule Wamkuru, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza m'caka ca 2005, monga cuma ca anthu a dziko lonse lapansi, muli zirombo zina zimene zituruka kudzaonetsa makhalidwe oipa, monga kuledzera, umbombo ndi kunyada, kuti anthu aseke ndi kuphunzira. Simoni, wa nkhope yofiira, atsanzira Mzungu, ndipo anacita zimenezi pa bwalo la mudzi pa nthawi imene munthu wamba sakadalimba mtima kutsanzira bwana wa boma pa khomo la ofesi yace.

Ku migodi kunali gule wa Kalela, amene katswiri wa za cikhalidwe, J. Clyde Mitchell, anamuona ku Luanshya nalemba buku lace m'caka ca 1956. Anyamata Acibisa anabvina atabvala mwaudongo ngati Azungu, wina atabvala ngati dotolo, ndipo nyimbo zao zinanyogodola mitundu yina yokhala nao m'komboni. Onyogodoledwawo anabwera okha kudzaonerera, naseka, pakuti anadziwa kuti pa bwalo la gule mau otere alibe mlandu.

Ndipo Longacres yemweyo ali ndi gawo lace m'mbiri imeneyi. Wailesi ya dziko lino inayambira m'cipinda cimodzi ca pa bwalo lakale la ndege m'caka ca 1941. M'caka ca 1949 kunafika kawailesi kochipa kochedwa Saucepan Special, ka mtengo wa £5, ndipo mau a ku Lusaka analowa m'nyumba za anthu wamba. Mmodzi wa amene anamveka kwambiri pamenepo ndiye Alick Nkhata, muulutsi ndi woyimba, amene nyimbo zace zambiri zinadzudzula mwa nthabwala makhalidwe a anthu a m'tauni. Iye anaphedwa ku Mkushi m'caka ca 1978 pamene asilikari a ku Rhodesia anaukira dera limenelo, ndipo mseu waukuru wodutsa ku Longacres uli ndi dzina lace. Pambuyo pa ufulu wa 1964 kunamveka Julius Chongo ndi nthano zace za Poceza m'Madzulo, munthu mmodzi wolankhula mau a nkhalamba, a mkazi ndi a mwana, mabanja athunthu atazinga wailesi. Anthu awiriwa anaseketsa dziko lonse, koma palibe anawachula zitsiru, cifukwa anadziwa cimene anali kuseka, ndi cifukwa cace.

Pa zonsezi paoneka malamulo atatu. Nthabwala iri ndi malo ace, iri ndi nthawi yace, ndipo iri ndi munthu amene mwambo ulola kumseka. Cimodzi ca zitatuzi cikasowa, luso lisanduka ucitsiru.

PANSI PA MGODI

Mu ofesi cibwana cingadyetse munthu nchito, koma pansi pa mgodi cidya moyo. Paipi ya mpweya wamphamvu umene uyendetsa makina obowolera miyala si coseweretsa. Mnyamata woloza paipi yotere kwa mnzace kuti amdzidzimutse angamphulitse khutu, angamcititse khungu, ndipo mpweyawo ukalowa m'thupi munthu angafe. Kukankhana m'cikwepe, kubisa nyali kapena cisoti ca mnzace, ndi kupfuula monama kuti mwala ulikugwa, zonsezi ziyamba ndi kuseka. Wopfuula monama kawiri, tsiku lacitatu mwala ukathothoka zoona anzace sathawa. Kotero kapitao akaletsa masewera pansi, asayesedwe munthu wosadziwa kuseka. Iye afuna kuti onse amene anatsika nao m'mawa akwere nao madzulo, kuti nthabwala zao akazinene ku komboni, ana ao alikumvera.

YANKHO KWA MWINI KALATA

Tsono kalaliki wa ku Longacres acite ciani? Akadachulidwa nyani, njira yace ikadakhala ya kukadandaula ku bungwe la anchito kapena ku ofesi ya boma yoona za nchito, kalatayo iri m'manja. Ngakhale pamenepo nkhonya sizikadathandiza. Koma sanachulidwe nyani. Anadzudzulidwa ndi liu lolemera cifukwa ca cinthu cimene anacitadi. Malo anali olakwika, pakuti munali mu ofesi; ndipo munthu anali wolakwika, pakuti mkuruyo si msuweni wace kapena mbuya wace, ndipo anamcititsa manyazi pamaso pa anthu amene ayenera kumvera malamulo ace.

Ayenera kupita kwa mkuruyo pa yekha, citseko cotseka, nabvomere kulakwa kwace ndi mau ocepa, osachula anzace amene anaseka. Ngati aona kuti liulo linapyola muyeso, angathe kunena comweco mwaulemu atayamba wapepesa, ndipo akuru ambiri amamva munthu wobwera motero. Akumbukirenso kuti pa onse amene anaseka mpaka misozi tsiku lija, kalata inafika pa tebulo la munthu mmodzi. Citsiru cinaomba ng'oma, ocenjera nabvina.

Koma luso lace asalikwirire. Munthu wokhoza kutenga mayendedwe a mnzace ndi kuwabvala ngati malaya ali ndi maso akuthwa ndi khutu labwino, ndipo anthu otere sacuruka. M'Lusaka muli magulu a masewero m'machalichi ndi m'masukulu, ndipo nyumba ya masewero ya Lusaka Playhouse siri kutali ndi kumene agwira nchito. Kumeneko anthu alipira ndalama kuti aseke, ndipo wofufumitsa masaya bwino amuombera m'manja. Kapena tsiku lina mkuru wa ofesi uja adzakhala pa mpando wa kutsogolo, nadzaseka mayendedwe a bwana wa m'sewero, osazindikira kumene anacokera.